TOUSSAINT LOUVERTURE, KAPOLO AMENE ANASANDUKA KAZEMBE

Kutsidya kwa nyanja ya Atlantic kuli dziko la Haiti, limene kale linkachedwa Saint-Domingue. Afransa ankalilamula, nalimitsa akapolo ocokera ku Afrika m'minda yao ya nzimbe. Kumeneko, pa munda wa Bréda, kunabadwa Toussaint, ca m'ma 1743, mwana wa akapolo.

Mbiri imati amene anamphunzitsa kuwerenga ndi kupemphera ndiye Pierre Baptiste, atate ace a ubatizo. Toussaint ankasamala akavalo ndi ziweto za pamundapo, ndipo pofika 1776 anali atalandira ufulu wace.

Mu 1791 akapolo anagalukira ambuye ao, minda niyaka moto. Iye anayamba wathawitsa banja la kapitao wa pa Bréda, pambuyo pace ndipo analowa m'gulu la ogalukirawo. Poyamba anamenya nkhondo ku mbali ya Spain. Koma mu 1794, caka cimene boma la France linathetsa ukapolo, anabwera ku mbali ya Afransa ndi asilikari ace. Anapitikitsa ankhondo a ku Spain ndi a ku Britain, nakhala kazembe wamkuru wa dziko lonselo.

Mu 1801 anakhazikitsa malamulo a dziko. Malamulowo anati ukapolo watha mpaka muyaya, cipembedzo ca poyera cikhale ca Katolika, ndipo ukwati usamathetsedwe. Komatu tisabise zolakwa zace. Anadziika bwanamkubwa wa moyo wace wonse. Anakakamiza anthu omasulidwawo kukhalabe m'minda, asilikari akuwayang'anira. Ndipo anthu a kumpoto atawukira, analamula kuti Moyse, kazembe amene ankamuyesa mbale wace, aomberedwe. Amene anadula maunyolo a anzace anawasenzetsanso goli, ndipo mitima ya ambiri inamcokera.

Mu 1802 zinafika zombo zodzaza asilikari zimene Napoleon anatumiza, mtsogoleri wao Leclerc. Atamenyana miyezi ingapo anapangana mtendere. Koma mu June Afransa anamuitana Toussaint ngati ku zokambirana, namgwira. Anamtsekera m'ndende ya Fort de Joux, m'mapiri ozizira a Jura ku France. Anamwalira momwemo pa 7 April 1803, kutali ndi mkazi wace Suzanne ndi ana ao. Nkhondo inapitirira, ndipo pa 1 January 1804 Dessalines analengeza ufulu wa Haiti. Lero bwalo la ndege la ku Port-au-Prince limachedwa dzina la Toussaint.

Inu aphunzitsi a katekisimu ndi inu atate ndi amai a ubatizo, kumbukirani Pierre Baptiste. Sanadziwe kuti mwana wa kapolo amene anali kumphunzitsa adzatsogolera mtundu. Mwana wakhala patsogolo panuyo mphunzitseni kuti anthu onse analengedwa m'cifaniziro ca Mulungu; mphunzitseninso kuti wolandira ukulu akhale mtumiki wa abale ace, pakuti apa ndi pamene Toussaint anaphunthwa.