Bernard Kettlewell ndi Agulugufe Akuda

Bernard Kettlewell anabadwira ku England m'chaka cha 1907. Anaphunzira udokotala, koma mtima wake unali pa agulugufe ausiku, aja ife timati akadziwotche, kotero kuti anasiya kuchiza anthu nakakhala wofufuza ku Oxford.

Mtundu wina wa agulugufewa unali wotuwa, wamawangamawanga. Mu 1848 kunapezeka wakuda ku Manchester, ndipo pofika 1895 pafupifupi onse kumeneko anali akuda. Kodi otuwa aja analowera kuti?

Mu 1953 Kettlewell anaika zizindikiro pa otuwa ndi akuda omwe, nawamasula m'nkhalango pafupi ndi Birmingham, kumene mwaye wa m'mafakitale unali utadetsa mitengo. Mbalame zinatola kwambiri otuwa, pakuti ndiwo ankaonekera. Mu 1955 anachita chimodzimodzi ku Dorset, kumene mitengo inali yambuu ndi ndere, ndipo kumeneko akuda ndiwo anadyedwa. Tsono wopulumuka ndiye amaswa, ana natengera chibadwa chake. Motero kudako kunafala pomwe panali utsi.

Ena anadzudzula njira zake, ndipo kwina anali ndi mfundo, chifukwa ankawamasula masana. Iye anamwalira mu 1979, Michael Majerus asanatsimikize za mbalamezo pa kafukufuku wa 2001 mpaka 2007.