Blind Tom: Luso Lake Linalemeretsa Ena

Abale ndi alongo, pamene tikukondwerera zaka 50 za mpingo wathu, tiyeni tikumbukire Thomas Wiggins, amene dziko linamudziwa ndi dzina loti Blind Tom.

Anabadwa wosaona mu 1849 ku Georgia, m'dziko la America, makolo ake ali akapolo. Mu 1850 banjalo linagulitsidwa kwa James Bethune, ndipo mwanayo sanawerengedwe kanthu pa malondawo. Nzeru zake sizinakule ngati za anzake. Kucheza ndi anthu kunkamuvuta, ndipo moyo wake wonse ankafunika womusamalira. Koma khutu lake silinkataya kanthu. Pofika zaka zisanu anali akuliza piyano, ndipo nyimbo akangoimva kamodzi ankaibwereza. Anapekanso zake, zina zotsanzira mvula ndi mabingu. Mu 1860 analiza ku White House pamaso pa Pulezidenti James Buchanan.

Anthu ankadzaza nyumba zazikulu ku America ndi ku Ulaya kudzamumvera, koma ndalama zinkalowa m'thumba la a Bethune. Ukapolo utatha mu 1865, iye anakhalabe m'manja mwa banja lomwelo, ndipo amayi ake, a Charity, ankatha zaka osamuona. Anamwalira mu 1908 ku Hoboken.

Kuno kwathu, sukulu ya osaona inayamba ku Magwero mu 1905, Tom akadali moyo. Komabe mpaka lero m'midzi mwathu muli ana onga iye amene amabisidwa m'nyumba. Tiwatulutse, tiwaphunzitse, ndipo phindu la luso lawo lizikhala lawo.