Theda Bara, mayi amene ntchito yake inapsa tsiku limodzi

Anzanga a m'kalabu, ulendo uno ndati ndikuuzeni mbiri ya mayi wina wa ku America wotchedwa Theda Bara. Dzina lake lenileni linali Theodosia Goodman. Anabadwa mu 1885 mumzinda wa Cincinnati, ndipo bambo ake anali telala.

Nthawi imeneyo kanema analibe mawu. Anthu ankangoona zithunzi zikuyenda, wina n'kumaimba piyano pambali. Choncho wosewera ankalankhula ndi maso ndi manja basi. Mayiyu anatchuka mu 1915 ndi filimu ya A Fool There Was. Eni kampani ya Fox, pofuna kuti malonda ayende, anafalitsa bodza loti iye anabadwira kuno ku Africa, m'chipululu cha Sahara, pomwe kwawo kunali ku America komweko.

Mu 1917 anasewera Cleopatra, nkhani ya chikondi cha mfumukazi ya ku Egypt ndi akuluakulu awiri a ku Roma, Julius Caesar ndi Mark Antony. Anthu anakhamukira kukaionera. Mafilimu ake onse anapitirira 40. Mu 1921 anakwatiwa ndi Charles Brabin, ndipo mu 1926 anasewera komaliza.

Tsono tamvani tsoka lake. Mafilimu a kalelo ankapangidwa ndi mankhwala osachedwa kuyaka, ngati udzu wa mu Okutobala. Kampani ija inawaunjika m'nyumba imodzi ku Little Ferry, New Jersey. Pa 9 Julaye 1937, kunja kutatentha kwambiri ngati kwathu kuno ku Tete, nyumbayo inayaka. Mafilimu ake ambiri anathera pomwepo, iye ali moyo. Lero za Cleopatra kwatsala zithunzi ndi tizidutswa tosakwana ndi mphindi ziwiri zomwe. Mayiyu anamwalira mu 1955 ku Los Angeles.

Ine monga mlimi ndimadziwa kuti mbewu sitisunga malo amodzi. Ina timapachika kukhitchini, ina timasungitsa kwa m'bale, kuopa moto ndi anankafumbwe. Nanga nthano ndi nyimbo za agogo athu zimene timajambula pa kalabu, zili malo angati? Ngati zili m'foni imodzi yokha, tsiku limene idzagwere mu Zambezi agogowo adzafa kachiwiri. Pamsonkhano ukubwerawu tisankhe anthu awiri oti azisunga, wina tsidya lino, wina tsidya la Matundo.