Lucille Fletcher: mayi yemwe ankasowetsa tulo omvera wailesi

Mabanja a ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka omwe adakula akuunjikana pa wailesi kudikira Sewero la Sabata Ino pa MBC akudziwa kuti mawu okha, popanda chithunzi, amatha kuimitsa munthu tsitsi. Mmodzi mwa akadaulo a luso limeneli adali Lucille Fletcher wa ku America.

Mayiyu adabadwa pa 28 Malichi 1912 ku Brooklyn mumzinda wa New York. Atamaliza maphunziro pa Vassar College mu 1933, adalowa ntchito ku wailesi ya CBS komwe ankasamala mabuku a nyimbo ndi kutayipa zolemba za anzake. Kutayipako ndiye idali sukulu yake, poti posakhalitsa adayamba kulemba zake.

Sewero lomwe lidamutchukitsa ndi Sorry, Wrong Number, lomwe lidaulutsidwa koyamba pa 25 Meyi 1943 m'pologalamu ya Suspense. Nkhani yake ndi ya Mayi Stevenson, matenda a mgonagona, amene ali yekhayekha m'nyumba usiku. Poimbira mwamuna wake kuofesi, mawaya a lamya asokonekera ndipo amva amuna awiri akupangana zopha mayi wina nthawi ya 11:15, sitima ikamadutsa pamlatho kuti phokoso likwirire mfuu.

Mayiyu aimbira olumikiza lamya, aimbira apolisi, aimbiranso kuchipatala, koma onse angomutenga ngati wovuta chabe. Kunena zoona, mayiyu ndi waukali ndithu, ndipo apa mpamene pali luso la Fletcher: womvera amayamba wanyansidwa naye, kenaka nkugwidwa nthumanzi pozindikira kuti wophedwayo ndi iye yemwe, ndipo zonse zikuloza kwa mwamuna wake. Chigawengacho chilowa, chimupha, nkuuza apolisi pa lamya kuti nambala yalakwika. Sichigwidwa ayi, zomwe sizinkachitikachitika pa wailesi masiku amenewo.

Agnes Moorehead adasewera gawoli pafupifupi yekha kwa theka la ola, ndipo adalibwereza kangapo mpaka 1960. Mu 1948 seweroli lidasanduka filimu ya Barbara Stanwyck ndi Burt Lancaster.

Kunyumba kwa mlembiyu nako kudali zake, ngakhale sikudakhetsedwe magazi. Mu 1939 adakwatiwa ndi wopeka nyimbo Bernard Herrmann, yemwe pambuyo pake adapeka nyimbo za filimu ya Psycho. Adabereka ana awiri aakazi, banja nkutha mu 1948, ndipo chaka chotsatira bamboyo adakwatira msuweni wa Fletcher yemweyo. Naye Fletcher sadachedwe, adakwatiwa ndi mlembi Douglass Wallop mu 1949 ndipo adakhala limodzi mpaka bamboyo adamwalira mu 1985.

Masewero a pa wailesi atazilala kaamba ka kanema, adatembenukira ku mabuku a nkhani zoopsa. Adamwalira pa 31 Ogasiti 2000 ku Langhorne m'chigawo cha Pennsylvania ali ndi zaka 88.