George Washington Carver: Wophunzira Zaulimi Amene Anasankha Uphunzitsi

George Washington Carver anabadwa ali kapolo pafupi ndi Diamond Grove, m'chigawo cha Missouri ku America, cha m'ma 1864. Akali khanda, achifwamba anamuba pamodzi ndi amake. Mwanayo anapezeka, koma amake sanaonekenso. Ukapolo utatha, Moses Carver, amene anali mbuye wa amake, ndi mkazi wake Susan anamlera. Pokhala mwana wodwaladwala sanagwire ntchito zolemetsa, koma anakonda zomera kotero kuti anansi ankamtengera mbewu zawo zofota kuti azitsitsimutse.

Sukulu ya kwawo sinkalandira ana akuda, tsono ananka ku Neosho, pambuyo pake ku Kansas, akumachapa ndi kuphika kwa anthu kuti apeze chakudya ndi mabuku. Koleji ya Highland inamvomera mwa kalata, koma atafika, akulu a kolejiyo anaona khungu lake nambweza. Mu 1890 analowa koleji ya Simpson ku Iowa kukaphunzira kujambula zithunzi. Mphunzitsi wake, Etta Budd, anaona luso lake pa zomera, naopanso kuti kujambula sikudzadyetsa munthu wakuda masiku amenewo. Choncho anamlangiza kunka ku koleji ya zaulimi ya ku Ames, kumene atate ake a mphunzitsiyo ankaphunzitsa za zipatso ndi madimba.

Carver anafika ku Ames mu 1891, ali wophunzira wakuda woyamba pa kolejiyo, ndipo poyamba ankadyera kwa antchito, osati pamodzi ndi anzake. Anapirira, naphunzira za dothi, za kumezanitsa mitengo ndi za matenda a mbewu, makamaka pansi pa mphunzitsi Louis Pammel. Analandira digiri yoyamba mu 1894 ndi yachiwiri mu 1896. Pofika nthawi imeneyo onse ankamlemekeza. Anampatsa udindo woyang'anira nyumba yagalasi yoleleramo mbewu, ndi wophunzitsa ophunzira atsopano.

Chaka chomwecho cha 1896 Booker T. Washington anamuitana kukatsogolera maphunziro a zaulimi pa sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee ku Alabama. Ku Ames kunali zipangizo, mabwenzi ndi ulemu. Ku Tuskegee kunali nthaka yoguga ndi alimi omira m'ngongole. Koma iye ankaona kuti maphunziro ake ndi chuma chimene Mulungu anamsungiza chifukwa cha anthu a mtundu wake, ndipo anavomera. Anakhala kumeneko zaka 47.

Atafika sanapeze zipangizo zoyesera dothi, tsono iye ndi ophunzira ake anatola mabotolo ndi zitini kudzala nazisandutsa zipangizo. Anaona kuti thonje lolimidwa pamalo amodzi chaka ndi chaka latha chonde, ndipo alimi alibe ndalama za feteleza. Chifukwa chake anaphunzitsa zimene wosauka angathe: kupanga manyowa ndi masamba, matope ndi ndowe, kusinthanitsa thonje ndi khobwe kapena mtedza, umene ena amati nsawa, pakuti mbewu zimenezi zimabwezera mphamvu m'nthaka, ndi kubzala mbatata kuti banja likhale ndi chakudya. Analemba timabuku 44 ta malangizo. Mu 1906 anakonza ngolo yonyamula makasu, mbewu ndi zitsanzo, imene inkayendera alimi osatha kufika pasukulu. Lamulungu madzulo ankaphunzitsa anyamata Baibulo. Anamwalira pa 5 Januwale 1943, naikidwa pafupi ndi manda a Washington.

Maphunziro a mtundu wa Tuskegee anafikanso kuno. Mu 1924 nthumwi za Phelps-Stokes, pamodzi ndi Dr. Aggrey wa ku Gold Coast, zinayendera Northern Rhodesia ndi Nyasaland, nizilimbikitsa kuti sukulu iziphunzitsa zaulimi ndi zaumoyo wa pamudzi. Sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Mazabuka, nisamukira ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka, mu 1939.

Ana ambiri a m'masukulu a kumidzi amakula ali ndi mtima wonka ku Lusaka, kukakhala kwa abale ku Kanyama, Chawama kapena George, chifukwa amayesa khasu chizindikiro cha kulephera. Maganizo otere amayambira pasukulu pomwe, pamene mphunzitsi atumiza mwana kudimba monga chilango, iye mwini nakhala pamthunzi. Carver anali ndi madigiri awiri, komabe ankalowa m'munda ndi ophunzira ake, nawafotokozera chifukwa cha ntchito iliyonse. Mphunzitsi amene adzagawa dimba la sukulu pawiri nyengo ikudzayi, kwina chimanga potsata chimanga, kwina chimanga potsata mtedza, ana nayeza okha zokolola, adzakhala ataphunzitsa monga anaphunzitsira Carver.