DAVID LIVINGSTONE: MUNTHU AMENE CUMA SICINAMGWIRE

Ambiri a ife tidziwa dzina la David Livingstone monga la munthu wa maulendo, amene anafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1855. Koma caka cino tiyeni tiyang'ane moyo wace pa mbali yina, ndiyo ya cuma: m'mene anacipezera, cimene anacita naco, ndi cimene cinatsala atamwalira.

Iye anabadwa m'caka ca 1813 ku Blantyre m'dziko la Scotland. Atate wace, Neil Livingstone, anali wogulitsa tiyi, ndipo banja lonse linakhala m'cipinda cimodzi. Pokhala wa zaka 10 mnyamatayo analowa nchito m'nyumba yopota thonje, kuyambira 6 koloko mamawa kufikira 8 koloko usiku, ndipo atatha nchito anapita ku sukulu ya madzulo. Pa malipiro ace oyamba anagulapo buku la cinenero ca Cilatini. Ndi ndalama za thukuta lace anaphunzira za mankhwala ku Glasgow, nadzozedwa m'caka ca 1840, nafika ku Africa m'caka ca 1841 wotumidwa ndi London Missionary Society. Sing'anga wotere akadakhala kwao akadalemera, koma iye anasankha malipiro ang'ono a mmishoni.

M'caka ca 1852 Mabunu anapasula nyumba yace ku Kolobeng, nang'amba mabuku ace, naononga mankhwala. Pamenepo anatembenukira kumpoto. Mfumu Sekeletu ya Amakololo inampatsa anthu omperekeza, ndipo anafika ku Luanda m'caka ca 1854 atadwala kwambiri malungo. Kumeneko anamuitana akwere ngalawa yonka ku England, koma anakana, pakuti analonjeza kubweza anthu aja kwao. Anayesa mau ace cinthu ca mtengo woposa mpumulo wace. Pa ulendo wonka kum'mawa anaoloka Kafue, natsata Zambezi tsidya lino, kupyola kumene mtsinje wathu wa Chongwe uthira madzi ace, kufikira ku Zumbo kuciyambi kwa caka ca 1856. Cotero ife a ku Palabana tinganene kuti mapazi ace anaponda m'malire a dziko lathu.

Atabwerera kwao analemba buku la maulendo ace, lofalitsidwa m'caka ca 1857, ndipo linagulidwa kwambiri. Mwana wosauka uja anasanduka mwini ndalama zambiri. Apa ndipo panali yeso lalikuru, pakuti ambiri apirira umphawi, koma cuma cikadza agwa. Livingstone anatenga mapaundi ngati 6,000 a m'thumba lace namangitsa ngalawa yochedwa Lady Nyassa, kuti iyende pa nyanja ya Nyasa ndi kutsekereza ogula akapolo. Ngalawayo sinafike pa nyanja. Mkazi wace Mary, mwana wa Robert Moffat, anamwalira ku Shupanga m'caka ca 1862, ndipo pambuyo pace boma la England linaletsa ulendowo. Posafuna kuti ngalawa igwe m'manja mwa ocita malonda a akapolo, anaiyendetsa yekha kuoloka nyanja yaikuru kufikira ku Bombay m'caka ca 1864. Pamene inagulitsidwa, mtengo wace sunafike ndi theka lomwe, ndipo banki imene anasungamo ndalamazo inagwa.

Tisayese kuti iye anada cuma. Anaona kuti mafumu anagulitsa anthu cifukwa ca nsaru, mikanda ndi mfuti, ndipo anakhumba kuti anthu a m'dziko muno alime thonje ndi mbeu zina, nagule zosowa zao ndi malonda oyenera. Anafuna kuti midzi ilemere. Cimene anadana naco ndico kulemera kodya moyo wa mnzako. M'menemo anatsata Malembo, pakuti Paulo polembera Timoteo sanatsutse ndalama, koma cikondi ca pa ndalama.

Pa ulendo wace wotsiriza, woyamba m'caka ca 1866, zonse zinamthera. Bokosi la mankhwala linabedwa m'caka ca 1867. Pofika ku Ujiji m'caka ca 1871 anapeza kuti munthu amene anamsungira katundu anagulitsa zonse. Henry Stanley anampeza kumeneko ali wosowa, namdandaulira abwerere kwao, koma iye anakana. Pa 1 Meyi 1873, m'mudzi wa Chitambo kufupi ndi Bangweulu, anyamata ace anampeza atagwada pambali pa kama wace, atamwalira.

Taonani tsono cuma cimene anali naco. Susi, Chuma ndi anzao anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo, naumika mtembo, naunyamula miyezi yambiri m'njira zoopsa kufikira ku Bagamoyo m'caka ca 1874. Panalibe wowakakamiza. Mtembowo unaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Msika wa akapolo ku Zanzibar unatsekedwa m'caka comweco ca imfa yace. Mishoni ya Livingstonia inayamba m'caka ca 1875, ya Blantyre 1876, ya Mvera 1889, ndi ya Magwero 1899, kumene Uthenga Wabwino unalowera kwa anthu a kum'mawa kwa dziko lino.

Sanali munthu wopanda cirema. Anali wouma mutu, anakangana ndi anzace a paulendo, ndipo mkazi wace ndi ana anasauka kwambiri cifukwa ca kusakhala kwace pakhomo. M'cimeneci tisamtsanze, popeza banja nalonso ndi mphatso imene Mulungu adzatifunsa.

Abale, nkhokwe yodzala cimanga ndi khola la ng'ombe ndizo madalitso, ndipo waulesi asabisale m'dzina la cikhulupiriro. Koma kumbukirani mwini cuma wa pa Luka 12, amene anakuza nkhokwe zace, namwalira usiku womwewo. Pokolola caka cino yense adzifunse: kodi ndinalipira bwino wondilimira? Kodi muyeso wanga pogulitsa uli woona? Kodi wamasiye wa pafupi nane wadya? Wakuyankha bwino mafunso awa ndiye wolemera pamaso pa Mulungu, cingakhale nkhokwe yace iri yaing'ono.