Ambuye Patrick Kalilombe: Episkopi amene anapereka Mawu m'manja mwa anthu wamba

Munthu woyenda m'midzi ya ku Mitundu kapena ku Nathenje Lamulungu m'mawa amakumana ndi anthu ali m'dinda, ena pa njinga, amayi atavala zitenje za mabungwe awo, onse akulunjika ku matchalitchi ang'onoang'ono a Katolika amene ali kutali ndi likulu la parishi. Matchalitchi oterewa salandira wansembe sabata iliyonse, pakuti parishi imodzi, monga ya Mlale kapena ya Nathenje, imakhala ndi nthambi zambiri. Komabe nyimbo zimayamba pa nthawi yake, wina amaimirira nawerenga Mawu a tsikulo, ndipo katekisiti kapena mkulu wina amawatanthauzira. Pakati pa sabata mabanja oyandikana amakumananso pakhonde la mmodzi wa iwo kuti asinkhesinkhe Malembo ndi kupemphera. Kagulu kameneka ndiko kamatchedwa mphakati.

Ambiri a ife a mipingo ya Chipulotesitanti tinakula tikumva kuti Mkatolika sagwira Baibulo, amangomvera wansembe. Tivomere, abale ndi alongo, kuti mawu amenewo tinkawanena monyada. Lero tiyeni tikumbukire munthu amene moyo wake umatichititsa manyazi pa kunyadako, Ambuye Patrick Kalilombe, amene anazunzika chifukwa chofuna kuti Mkhristu wa kumudzi awerenge Mawu a Mulungu ndi kuyendetsa mpingo wake.

Iwo anabadwa m'chaka cha 1933 ku Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza, pamene ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902. Ataphunzira ku seminale ya Kasina ndi ya Kachebere, analowa chipani chomwecho, nakhala Mmalawi woyamba kutero. Maphunziro anawatengera ku Algeria ndi ku Tunisia, ndipo mu 1958 anadzozedwa unsembe. Kenaka anapita ku Rome kukazama pa maphunziro a Malembo Oyera. Atabwerera kwawo anaphunzitsa Baibulo ku Kachebere, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa seminaleyo.

Zaka zimenezo zinali za kusintha kwakukulu mu Mpingo wa Katolika. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unalimbikitsa kuti Misa izichitika m'chilankhulo cha anthu, ndiponso kuti Mkhristu aliyense akhale ndi mwayi wowerenga Malembo. Kuno kwathu Baibulo la Akatolika m'Chichewa, Malembo Oyera, linatuluka mu 1966, patapita zaka 44 chitulukireni Buku Lopatulika. Buku linalipo tsopano, koma funso linatsala: ndani adzalitsegulira anthu a m'midzi, popeza ansembe anali ochepa, ndipo ambiri a iwo anali ochokera kunja?

Funso limeneli ndilo Ambuye Kalilombe analipeza pakhomo pamene anakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, kulowa m'malo mwa Ambuye Joseph Fady. Sanathamangire kupempha ansembe ena kapena ndalama kunja. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anaitanitsa sinodi ya dayosizi yonse, imene zokambirana zake zinayambira m'midzi, nizikwera ku maparishi, mpaka kufika kwa episkopi. Alimi, amayi ndi achinyamata anafunsidwa maganizo awo pa za mpingo. Mfundo yake inali yakuti mpingo ndi anthu onse obatizidwa, ndipo uyenera kudzitumikira wokha, kudzidyetsa wokha ndi kudzifalitsa wokha. Pamenepa ndi pamene miphakati inazika mizu m'dayosizi ya Lilongwe, imene Mitundu ndi Nathenje zili m'kati mwake. Mu 1976 bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa la AMECEA linagwirizana kuti timagulu totere tikhale maziko a ntchito ya mpingo m'maiko awo onse.

Tiime pang'ono kuti tione nzeru ya mphakati. Mu Mpingo wa Katolika Mawu a Lamulungu amatsata ndondomeko ya zaka zitatu: chaka china Mateyu, china Marko, china Luka, ndipo Yohane amawerengedwa pa nyengo zina zapadera. Choncho ndime imene ikuwerengedwa ku Maula mumzinda wa Lilongwe ndi yomweyo imene ikumveka m'katchalitchi ka kuseri kwa phiri la Bunda. Koma m'tchalitchi munthu amangomva. Pa mphakati amayankha. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu amafotokoza chimene chamukhudza mtima, ndipo ndimeyo imakumana ndi moyo weniweni: mwana wodwala, mbanja mosamvana, maliro opanda chimanga, denga la agogo lodontha. Asanabalalike amagwirizana za yemwe akaone wodwala ndi yemwe akathandize kupalira munda wa mayi wamasiye. Izi ndi zimene timawerenga pa Machitidwe 2:42-47 za Akhristu oyamba, komanso pa Nehemiya 8, pamene Ezara anawerenga chilamulo, Alevi nalowa pakati pa anthu kuwathandiza kuti amvetse.

Koma nthawiyo inali ya chipani chimodzi. Dr Hastings Kamuzu Banda anali atakhala Pulezidenti wa muyaya mu 1971, ndipo a Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967, anali kusakidwa ndi kuthawira m'maiko oyandikana nafe. M'dziko lotere anthu khumi kapena makumi awiri okumana pakhonde sabata ndi sabata, akusankha okha atsogoleri awo ndi kukambirana mavuto a m'mudzi, ankaoneka oopsa. Akuluakulu a boma ndi a chipani anayamba kuganiza kuti miphakati ndi timagulu ta ndale tobisala mu mpingo. Episkopi anakhala munthu wokayikiridwa, ndipo mu 1976 anakakamizika kuchoka m'dziko muno. Mu 1979 anatula pansi udindo wake, ndipo Ambuye Matthias Chimole ndiwo analowa m'malo mwawo.

Taganizani, okondedwa, za mbusa wa zaka 43 amene wasiyanitsidwa ndi nkhosa zake ntchito itangoyamba kumera. Ambiri a ife tikanawawidwa mtima mpaka kufa. Iwo anatenga zaka za ku ukapolozo ngati munda wina. Ku Berkeley, m'dziko la America, analemba kafukufuku wa digiri ya udokotala wonena za ulendo wa mpingo wa Lilongwe kuchoka pa matchalitchi a nthambi kufika pa miphakati. Ku Birmingham, m'dziko la England, anatsogolera malo a maphunziro ku Selly Oak amene ankalumikizitsa Akhristu akuda ndi azungu a mipingo yosiyanasiyana. Ndale zitasintha anabwerera kwawo mu 1996, naphunzitsa za umulungu ku Chancellor College ku Zomba, kumene ophunzira awo anali a mipingo yambiri. Anamwalira ku Zomba komweko mu September 2012.

Umboni wa ntchito yawo ndi wakuti iwo atachoka miphakati sinafe. Nyumba yomangidwa pa munthu mmodzi imagwa munthuyo akachoka. Iyi inaima chifukwa inali itaperekedwa kale kwa eni ake. Paulo pa Aefeso 4:11-12 amaphunzitsa kuti ntchito ya abusa ndi aphunzitsi ndiyo kukonzekeretsa oyera mtima kuti iwowo atumikire, ndipo Ambuye Kalilombe anachita zomwezo.

Tsono funso libwere kwa ife. Timaphunzitsa za unsembe wa okhulupirira onse kuchokera pa 1 Petro 2:9, ndipo tili ndi milaga yathu. Kodi m'milagamo Baibulo limatsegulidwa, kapena nthawi imathera pa zopereka ndi zolengeza? Kodi abusa timakondwa mkulu wa mpingo kapena mayi wa chigwirizano akamasulira Mawu bwino kuposa ife, kapena timachita nsanje? Nanga m'nyumba zathu, ana amamvanso ndime ya Lamulungu pa Lachitatu, kapena buku limagona pa shelefu mpaka sabata ina? Kuyambira 1998 tili ndi Buku Loyera, limene Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira pamodzi, kotero palibe wonena kuti mnzake ali ndi Mawu ena.

Tikupempha banja lililonse lowerenga tsamba lino kuti sabata ino, chakudya cha madzulo chikatha, litsegulenso ndime imene inalalikidwa Lamulungu. Bambo asalankhule yekha. Mayi, ana ndi wantchito yemwe anenepo chimene amva, kenaka musankhe mnansi mmodzi wovutika amene mukamuyendere sabata isanathe. Mulungu amene anapirira ndi mtumiki wake m'maiko a eni adalitse kuwerenga kwa Mawu ake m'makomo mwathu. Amen.